Oyilo wakuda, phula, sera kapena kungodula: zomwe ndaona pa nkhani ya dzimbiri la galimoto kuno ku Tete

Karinya yanga, galimoto ya bodi yotsegula kumbuyo yonyamulira katundu, inandiphunzitsa nkhani ya dzimbiri mondipweteka mtima. Tsiku limenelo tinali titapakira mbatata ku Tsangano tikutsikira ku Tete, ndiye titafika pa Mussacama mnyamata wanga anakwera kumbuyo kuti amangenso zingwe, atangoponda pakona pafupi ndi tayala phazi linalowa mpaka m'kakolo. Pamwamba penti anali bwinobwino, wonyezimira, koma pansi pake chitsulo chinali chitasanduka ngati chikhungwa cha mtengo wouma, ukachigwira chikungoyoyoka m'manja. Kuyambira pamenepo ndayesa pafupifupi njira zonse zomwe anthu amauzana m'maofisina okonzera magalimoto muno, zina zinandithandiza zina zinangondidyera ndalama, nde ndati ndizilembe kuti wina asadutse momwe ndinadutsamo ine.

Ambiri kuno timati dzimbiri ndi vuto la anthu a ku Beira ndi ku Quelimane chifukwa cha mphepo ya mchere ya kunyanja, ife kuno kouma sitikhudzidwa. Mu mzinda wa Tete zili ndi kachoonadi pang'ono, kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala ndipo galimoto ikanyowa imauma msanga. Koma kwerani ku Ulongwe, ku Domwe, ku Furancungo muone, mvula yambiri, mame m'mawa uliwonse nthawi yozizira, ndi dothi lofiira lija lomata ngati phala lomwe likalowa m'shasi limakhala momwemo miyezi osauma. Chitsulo kuti chichite dzimbiri chimangofuna madzi ndi mpweya basi, mchere ukabwerapo ntchito imathamanga kwambiri. Ndipo mcherewo timaunyamula tokha: feteleza wa yureya ndi NPK akatayikira m'bodi amakoka chinyezi kuchokera mumpweya olo kunja kuli dzuwa, nsomba za chicoa zochokera ku Cahora Bassa zimatsika madzi a mchere, mbuzi zikakodzera kumbuyo mkodzowo umatsata mizere mpaka m'malumikiziro. Aku Moatize alinso ndi fumbi la malasha lomwe limakhala ndi sulufule, likanyowa silichitira chifundo chitsulo. Kuwonjezera apo magalimoto athu ambiri ndi akale ochokera ku Japan, ndipo kumpoto kwa dziko limenelo monga ku Hokkaido amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa, choncho ina imafika kuno matendawa itawatenga kale, ife timangoona kuwala kwa pamwamba.

Chomwe ndikufuna mugwire ndi chakuti dzimbiri loopsa limayambira mkati kutulukira kunja. Mukaona katuza pa penti m'munsi mwa chitseko, dziwani kuti kuseri kwadyeka kale, chifukwa chitsulo cha bodi n'chopyapyala sichifika ndi milimita 1 yomwe. Nde njira iliyonse ndimaiyeza ndi funso limodzi, kodi ikufika kumene madzi amagona kapena ikungokometsa pomwe maso akuona?

Ndiyambe ndi oyilo wotha ntchito, uja timati oliyu kemadu, poti ndi amene aliyense amathamangira. Amasakaniza ndi dizilo pang'ono kuti apyapyale n'kupopera pansi ponse ndi kompuresa. Sindinama, amagwira ntchito ndithu, amalowa m'ming'alu momwe penti sangafike ndipo chitsulo chonyowa ndi oyilo sichichita dzimbiri, onani pansi pa injini yomwe imadontha oyilo, pamenepo mpoyera nthawi zonse pamene kwina konse kwafiira. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri, pena amakupatsani ulere mukasinthitsa oyilo. Koma mavuto ake nawonso ndi ambiri. Pa misewu yathu ya fumbi oyiloyo amagwira fumbi lonse n'kusanduka chiphala chakuda chokhuthala, mmisiri akafuna kumasula bawuti ayambe wapala kaye. Amafufumitsa mabushi a labala ndi mapaipi ena a labala mpaka kufewa, ine ndinasintha mabushi a masipuling'i pasanathe chaka nditapopera kawiri. Akadonthera pa mabuleki ndi ngozi yeniyeni, pa ekizozi amafuka ndipo atha kuyaka. Oyilo wa mu injini amakhala atatenga zinyalala za moto ndi tizitsulo, si wabwino pakhungu, ndipo akamadontha pabwalo pomwe ana amasewera ndi nkhuku zimatola, kapena mvula ikamukokolera ku dimba, ine mtima sundilola. Komanso mvula ikagwa mwezi umodzi mukuwoloka timitsinje amakhala watsukika, muyambirenso. Ngati ndi galimoto yakale yakumunda yomwe mukungofuna ikutumikireni zaka ziwiri zitatu, ndipo sera simungampeze, bola kugula oyilo watsopano wotchipa n'kuthira mkati mwa shasi mokha ndi m'munsi mwa zitseko, osati kusambitsa pansi ponse ndi wakudayo.

Phula lija lopaka pansi ndi lomwe ndimaliopa kwambiri, osati chifukwa ndi loipa palokha ayi, koma chifukwa cha mmene timaligwiritsira ntchito. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza ku timiyala tomwe matayala amaponya, ndipo pa chitsulo choyera, chouma, chopakidwa kale pulaimala (penti woyamba womatirira pa chitsulo), limathandiza zedi makamaka m'mapanga a matayala. Koma mmene zimachitikira nthawi zambiri ndi izi: galimoto yalowa m'mawa ili ndi matope, aithira madzi pang'ono, isanaume n'komwe apopera phula pamwamba pa dzimbiri ndi dothi lomwe, madzulo mwini akubwera akuona pansi pakuda bii n'kusangalala kuti yabwerera unyamata. Chomwe achita pamenepo ndi kutsekera chinyezi mkati. Kutentha kwa ku Tete kumaumitsa phulalo, likang'ambika pang'ono madzi amalowa kuseri ndipo sangatulukenso, chitsulo chimadyeka mwakachetechete inu mukuona ngati zonse zili bwino mpaka tsiku lomwe jeke idzaboole. Ndichifukwa chake pogula galimoto, mukaona pansi papakidwa phula latsopano lonunkhira pamene galimotoyo ndi ya zaka 15, musakondwe msanga, tengani sikuludiraiva mugogode ndi kubaya pang'ono m'mbali mwa shasi, pomangirira masipuling'i ndi pansi pa zitseko. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimayankha mogontha ngati mukugogoda chikuni chofumbwa.

Tsopano sera wa m'mapanga, amene kwa ine ndi amene wapambana onsewa. Pali mitundu ngati Tectyl, Waxoyl ndi Dinitrol, ndipo palinso ena opangidwa ndi mafuta a ubweya wa nkhosa monga Fluid Film. Amabwera ali amadzimadzi, mumalowetsa kapaipi kakang'ono m'mabowo a shasi, m'munsi mwa zitseko, m'mizati ya bodi ndi kuseri kwa mamadigadi, akapoperedwa amayenda yekha kulowa m'malumikiziro a zitsulo momwe dzimbiri limakonda kuyambira, amakankha chinyezi n'kutsala kansalu kofewa komwe sikang'ambika ngati phula. Ubwino wina ndi woti ambiri amaonekera, ndiye ngati pansi pake pakuchitika zinazake mumaona. Vuto ndi mtengo ndi kupezeka kwake, m'mashopu ang'onoang'ono a kuboma simungampeze, mufunse m'mashopu akuluakulu a zipangizo za magalimoto mu mzinda kapena mutume madalaivala a mathiraki omwe amapita ku Joni. Ndiponso poonekera pomwe matayala amamwaza madzi ndi mchenga sakhalitsa, pamafunika kubwereza chaka ndi chaka, koma mkati mwa mapanga amakhala zaka zingapo.

Mmene ndimachitira ine ndi chonchi. Ndimadikira Seputembala kapena Okutobala, mvula itasiya kalekale ndipo isanayambe ina. Ndimatsuka pansi ndi madzi amphamvu, kulowetsa paipi m'bowo lililonse la shasi mpaka madzi otuluka ayere, ulendo woyamba munatuluka dothi lodzaza ndowa, njere za chimanga zomwe zinamera n'kufera momwemo, ndi chisa cha mbewa. Kenako ndimaisiya padzuwa masiku awiri atatu, apa ndiye kutentha kwathu kumatithandiza, ku Tete masiku awiri akwana koma ku Angónia onjezani. Chitini cha sera ndimachiika padzuwa kuti apyapyale. Mabuleki ndimawakulunga ndi mapulasitiki, ekizozi sindiyandikira, ndipo ndikamaliza ndimabaya timabowo ta m'munsi mwa zitseko ndi kawaya kuti sera asatitseke. Kwa sabata imodzi amadontha dontha dzuwa likatentha, ndiye muimike pa makatoni, ndipo fungo lake limakhala m'galimoto masiku angapo, amayi kunyumba anadandaula koma linatha.

Timabowo timeneti ndikhalepo pang'ono chifukwa anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti tilipo. Tsegulani chitseko mugwade muyang'ane m'munsi mwake, muona timipata tiwiri kapena titatu. Mvula imalowa ndithu pa labala wa galasi, chitseko anachipanga kuti madzi alowe n'kutulukira pansipo. Fumbi likatseka timipatato chitseko chimasanduka mtsuko, pena mukachigwedeza mumamva madzi akuti khuvu khuvu. Chimodzimodzi pansi pa galasi lakutsogolo pomwe pali mawaipa, masamba a mango ndi a nimu amaunjikana pamenepo n'kuwola, madzi n'kuyamba kulowera kumapazi. Kutsegula timabowo timeneti sikulira ndi metikali imodzi yomwe koma kumaposa mankhwala ena odula. Kutsuka nakonso, kutsuka kwa pansi osati kopukuta bodi kuti iwale. Anyamata otsuka magalimoto amalimbikira pamwamba poti mpomwe bwana amaona, muwauze kuti alowetse dzanja kuseri kwa mlomo wa madigadi achotse dothi lomwe limakhala pamenepo ngati chiswe chamanga. Ndipo samalani ndi madzi a m'mijigo ina omwe amamveka mchere pakamwa, amenewo mukatsukira ndiye kuti mukudyetsa dzimbiri.

Amene magalimoto awo anamira pa madzi osefukira, monga nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 pomwe mtsinje wa Revúbuè unadzadza mpaka kugumula mlatho, akudziwa zomwe ndikunena. Injini anakonza, mawaya anaumitsa, koma matope osalala aja anatsala pansi pa kapeti ndi m'mapanga, ndipo chinsalu chokhuthala cha pansi pa kapeti chimasunga madzi masabata ambiri olo pamwamba pakuoneka pouma. Galimoto ikalowa madzi chotsani mipando, tulutsani kapeti yense ayanikidwe, palibe chidule.

Nanga dzimbiri likayamba kale? Apa sera ndi oyilo amangolichedwetsa, salichotsa. Ngati ndi lapamwamba chabe, lofiira koma chitsulo chikadali cholimba, pali mankhwala aja osanduliza dzimbiri, ambiri amakhala ndi asidi wa fosiforiki kapena wa tanini. Mumapala kaye makoko onse ndi bulashi ya waya, kuchotsa mafuta, kupaka, ndiye pakapita maola angapo pamada bii, kusonyeza kuti dzimbiri lasanduka chinthu china cholimba. Ndi abwino pa malo ovuta kufikapo ndi makina, koma amangogwira kachikopa ka pamwamba, ngati dzimbiri ndi lokhuthala pansi pake limatsala lamoyo. Ndipo si penti, mukawasiya osapaka kanthu pamwamba mvula yoyamba yomwe pafiiranso. Ine ndimawagwiritsa ntchito pa shasi ndi pansi pa bodi, koma pa chitseko kapena padenga bola lisha (pepala lokhakhala lopalira) ndi guraindala mpaka chitsulo chiwale.

Chitsulo chikayera nkhani imakhala ya pulaimala, ndipo apa mpomwe amisiri ambiri amatidula pakhosi. Zarikau wofiira uja wa pa mageti ndi mawindo ndi wotchipa, pa shasi ndi pansi pa bodi ya karinya amathandiza ndithu akapakidwa penti wina pamwamba, koma penti wa galimoto wa thina wamphamvu pena amamukwinyitsa, ndipo zarikau wakalekale anali ndi mtovu ndiye popala penti wakale wofiira muzivala chotseka pamphuno. Pulaimala wotuwa wodzazira uja amamwa madzi ngati siponji, galimoto zomwe mumaziona zikuyenda miyezi ndi zigamba zotuwa podikira ndalama ya penti zimakhala zikuchita dzimbiri pansi pa zigambazo. Wabwino kwambiri ndi epokisi wosakaniza zitini ziwiri, salola madzi kudutsa ndipo amamatirira chitsulo zolimba, ndi wodula inde koma pa malo ang'onoang'ono lita imodzi imapita kutali. Pomwe pakhale potsekeka mukawotcherera pamafunika pulaimala wa zinki. Zinki ndi yemwe uja ali pa malata a nyumba, amadyeka iye m'malo mwa chitsulo, n'chifukwa chake magalimoto atsopano ambiri omwe bodi yake inakutidwa zinki kufakitale amachedwa kuboola kusiyana ndi akale.

Pakabooka palibenso mankhwala, ndi kudula n'kuwotcherera chitsulo chatsopano. Izi ndinaziphunzira pa bowo lija la pa Mussacama. Ndinapita nayo kwa batishapa (mmisiri wowongola bodi) wina, sinditchula, anandiuza kuti "patarau musadandaule mawa madzulo mudzaitenge", ndipo zoona mawa lake panali posalala ngati sipanachitike kanthu. Itangodutsa mvula imodzi panatupa n'kung'ambika. Nditapita kwa mmisiri wina wachikulire ku Ulongwe anatenga maginito a sipika yakale n'kuyendetsa pa bodi, pena akumata pena akugwa, n'kundiuza kuti "mwanawe, apa palibe chitsulo, ndi masa yokhayokha", kunena phala lija lomata posalaza bodi. Atagogoda ndi hamala munatuluka chidutswa cha sefa wa pawindo ndi chithumba cha feteleza chopindapinda, ndi zomwe anatsekera bowo n'kumata masa yokhuthala ngati chala. Ndinakhala pansi. Masa ntchito yake ndi kusalaza pang'ono chabe pamwamba pa chitsulo cholimba, imamwa madzi kuchokera kuseri, ndiye ukaimata pa bowo umakhala waika siponji yonyowa pa bala. Akuluwo anadula mpaka pomwe chitsulo chinali choyera mbali zonse, bowo lomwe ndinkaliona ngati chikhatho linakula kufika ngati thireyi, anasema chigamba kuchokera ku chitseko cha galimoto yakufa, n'kuwotcherera pang'onopang'ono modumphadumpha kuti chitsulo chisapindike ndi moto. Ndipo anandikumbutsa chinthu chomwe ambiri amaiwala, kuti moto wowotcherera umapsereza penti wa kuseri, ndiye kuseriko kukapanda kupakidwa epokisi ndi sera dzimbiri limayambira pa mzere womwewo. Ndalama inapita yoposa kawiri ya woyamba uja koma mpaka lero chigambacho chili nji.

Bowo likakhala pa shasi, pomangirira masipuling'i, pa chiwongolero kapena pomwe pamangidwa malamba a mipando, imeneyo si nkhani ya kukongola, ndi moyo wa anthu omwe mwanyamula. Olo makampani akuluakulu inawagwetsapo nkhaniyi, mu 2016 Toyota ku America inavomera kulipira mpaka madola 3.4 biliyoni pa mlandu wa mashasi a Tacoma, Tundra ndi Sequoia omwe ankadyeka ndi dzimbiri. Ndiye ife amene timakweza matumba 30 pa galimoto yokalamba n'kutsika nayo mapiri a ku Zóbuè tisamachite masewera ndi shasi yoboola, makamaka a mashapa onyamula anthu.

Kwa a makarinya, nkhani ya chotchingira kumbuyo. Chipulasitiki chongovalika chija chimateteza ku zokanda koma madzi, mchenga ndi feteleza zimalowa pansi pake, chikamagwedezeka pa msewu wa mabampu chimapala penti ngati lisha, ndipo inu simuona kanthu mpaka mutachichotsa. Ngati muli nacho muzichitulutsa kawiri pa chaka n'kutsuka. Labala wopopera womatirira pa chitsulo ndi wabwino kuposa chifukwa sasiya mpata, bola apoperedwe pa bodi yoyera yopanda dzimbiri, apo ayi ndi nkhani ya phula ija yomweyo. Ine pano ndimangoyala lona yokhuthala ndikanyamula feteleza kapena nsomba, ndikatsitsa ndimasesa n'kutsuka tsiku lomwelo olo nditatopa bwanji, ndipo ndimaimika galimoto mopendekera kumbuyo kuti madzi atuluke.

Tizipangizo tija tamagetsi tomwe amati mukamangirira ku batire dzimbiri latha, musataye ndalama. Nzeru imeneyo imagwira pa sitima za pamadzi ndi mapaipi okwiriridwa pansi chifukwa chitsulo chonse chimakhala m'madzi kapena m'dothi lonyowa momwe magetsi amayenda kuzungulira, galimoto ili pa matayala mumpweya, palibe njira yoti magetsiwo akafike pa kona ya chitseko. Bola ndalamayo mugulire soda wophikira mutsukire pansi pa batire, poti asidi wodontha pamenepo amaboola msanga kuposa mvula.

Dzuwa la mu mzinda nalo lili ndi gawo lake, limapsereza vanishi padenga ndi pa boneti mpaka kusupuka, kenako penti amayera n'kuyamba timadontho tofiira. Limeneli ndi dzimbiri laulesi, limayenda pang'onopang'ono, polishi kawiri katatu pa chaka ndi mthunzi wa malata zikwanira. Pomwe mwala wagompha dontheza kapenti ndi kamtengo ka machesi sabata yomweyo, olo kyuteksi woyera amagwirizira mpaka mutapeza penti. Kufunditsa lona mpaka pansi galimoto ili pa udzu nthawi ya dzinja ndi kolakwika, chinyezi chochoka m'dothi chimatsekeredwa mkati usiku wonse.

Ndiye mukandifunsa kuti ndisankhe chiyani, ndiyamba ndakufunsani kuti galimoto yanu imagona kuti ndipo imanyamula chiyani. Yaing'ono yoyenda pa tala mu mzinda, kutsuka pansi mvula ikatha, timabowo totsegula ndi sera kamodzi m'zitseko basi, phula silikufunika. Yongofika kumene kuchokera ku doko, ikwezeni pa dzenje musanapake chilichonse muone chomwe yabwera nacho, sera alowe mwezi woyamba womwewo. Ya kumapiri yonyamula mbatata, fodya ndi feteleza ngati yangayi, sera mkati chaka chilichonse, epokisi ndi phula m'mapanga a matayala pokhapokha chitsulo chitayeretsedwa inu muli pomwepo mukuona ndi maso anu. Chaka chino ndapeza katuza kena pakona ya galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala, ndabaya ndi singano patuluka kadontho ka madzi ofiira, ndiye galasi lichoke kaye kuti tione kuti labala wabisa zotani, akulu aja a ku Ulongwe andiuza ndipite nayo Lachiwiri mvula isanayambe.